Kalembera wa ana ovutika m'sukulu za ku Kasungu

Kalembera wa ana ovutika ndi ntchito yolemba maina a ophunzira amasiye, olumala ndi a m'mabanja osaukitsitsa, kuti thandizo la boma ndi la mabungwe lidziwe kolowera. Ku Kasungu amayendera limodzi ndi phala la kusukulu, koma ziwirizi n'zosiyana. Pasukulu pamene pamaphikidwa phala, mwana aliyense wobwera ndi kapu amamwa. Ndalama, yunifomu ndi chimanga chopita nacho kunyumba zimatsata dzina la m'kaundula. Mwana wa tenanti wa m'esiteti ya fodya amatsalira pamenepa.

Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, koma sipanatenge nthawi kuti zioneke kuti fizi sinali chotchinga chokha. Bungwe la WFP linayamba kudyetsa ana m'sukulu za ku Dedza mu 1999, ndipo Kasungu inadzalowa m'gulu la maboma opindula. Njala ya 2001 ndi 2002 inakantha bomali koopsa. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiyira sekondale panjira nthawi imeneyo, makolo atasowa cholipirira. Mu 2002 momwemo bungwe la Mary's Meals linayamba kuphikira ana ku Blantyre. Mtukula Pakhomo, amene amaonjezera kandalama pa mwana aliyense wa pasukulu m'banja lolembedwa, anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo kuyambira 2010 boma linayamba kuika ndalama zotukulira pulayimale m'maakaunti a sukulu, gawo lina n'kukhala lothandizira amasiye ndi ovutika. WFP nayo inkapereka chimanga m'miyezi ya njala kwa atsikana ndi anyamata amasiye a Sitandade 5 mpaka 8 amene sankajombajomba. Kupatula phala, zonsezi zinkafuna maina.

Maina amasankhidwa ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi mafumu, kenako amapita ku maofesi a kuboma. Njirayi imagwira bwino pamene osankhawo akumudziwa mwana ndi agogo ake omwe. Koma m'maesiteti a fodya muli mabanja ochokera kutali, ena ku Mulanje ndi ku Thyolo, amene alibe mfumu yowayankhulira kuno. Amafika nthawi ya nazale, nthawi zina kalembera atadutsa kale, ndipo amadikira malipiro mpaka fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Januwale mpaka Malichi, njala ikafika pachimake, ndi nthawinso yothyola ndi kusoka fodya, choncho mwana amene akusowa kwambiri ndi yemwenso amajomba kwambiri, n'kulephera lamulo la kusajomba. Utenanti unaletsedwa ndi lamulo mu 2021, koma mabanja osamukasamuka sanathe.

Ena amati kaundula angothetsedwa, popeza amabala kukondera ndipo amachititsa mwana manyazi pamaso pa anzake. Amati thandizo lizingogawidwa kwa onse ngati phala. Mfundoyi si yachibwana, pakuti dandaulo loti "alembana pachibale" limamveka m'midzi yambiri. Komabe phala limatheka kwa onse chifukwa kapu imodzi ndi yotchipa, pomwe basale ya ku sekondale itagawidwa kwa onse ingasanduke ya sopo. Chofunika kukonza ndi nthawi ndi malo olembera: teremu iliyonse, osati kamodzi pachaka, ndipo olemba azikafika kumisasa ya kuesiteti. Mwina kutero kungasunge m'kalasi ana ena amene pano amathera m'zigafa.

Maina a zinthuzi ali ndi nkhani yawoyawo. Ufa wa chimanga ndi soya umene amaphikira ana umatchedwa Likuni Phala, potengera chipatala cha mishoni cha Likuni kufupi ndi Lilongwe kumene unayambira, ndipo dzinali limamatira ngakhale ufawo utagayidwa kwina. Ana amangoti "kuli phala", mawu okwanira kudzutsa ngakhale waulesi. Amayi ophika, amene salipidwa, amafika mbandakucha, nkhuni pamutu, n'kumatakasa chimphika ndi mthiko wautali ngati chopalasira bwato. Ana ena amamangirira kapu yapulasitiki pachingwe m'khosi kuti isasowe. M'kaundula, mawu akuti "wamasiye" savuta, poti imfa imadziwika mudzi wonse. Ovuta ndi akuti "wovutikitsitsa": kachibwereza ka kumapetoko ndi kamene kamachedwetsa misonkhano ya komiti mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa kovutika aliyense akuvutika.