Nyumba ya Keigwin ndi Eni Ake

Kumadzulo kwenikweni kwa dziko la England, m'chigawo cha Cornwall, kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Mousehole. M'mudzimo muli nyumba yakale yamiyala, ya khonde lochirikizidwa ndi nsanamira zamwala, imene kwa zaka zambiri inali malo ogulitsirapo moŵa, dzina lake Keigwin Arms. Lero moŵa sugulitsidwamonso. Ndi nyumba yokhalamo anthu basi.

Eni ake amene mbiri imawakumbukira kwambiri ndi a banja la Keigwin. Pa 23 July 1595, zombo zinayi za ku Spain, zotsogozedwa ndi Carlos de Amésquita, zinakocheza kufupi ndi mudziwu. Asilikali pafupifupi 400 anatentha Mousehole, tchalitchi cha ku Paul, Newlyn ndi Penzance. Jenkyn Keigwin anaphedwa akuteteza nyumba yake, koma nyumbayo inapulumuka, pamene zinzake zinasanduka phulusa.

Pali chinthu chimodzi chimene ife Akatolika sitiyenera kuchibisa: asilikaliwo, asanabwerere kunyanja, anachita nsembe ya Misa. Anagwada pamaso pa Ukaristia utsi wa nyumba za amphaŵi ukadali m'zovala zawo. Kodi sanadziŵe kuti Ambuye amafuna kuti tiyambe tayanjana ndi mbale wathu tisanapereke mtulo wathu paguwa?

Mbumba ya Jenkyn sinathe. Mmodzi wa zidzukulu zake, John Keigwin, amene anabadwa mu 1641 namwalira mu 1716, anadzipereka kusunga chinenero cha makolo a ku Cornwall chimene chinali kuzilala. Iye anamasulira m'Chingerezi ndakatulo yakale yosimba za Masautso a Ambuye, yolembedwa nthaŵi imene dera lonselo linali la Chikatolika. Motero banja limene Akatolika analiliritsa ndilo linathandiza kuti chuma cha Akatolika chisatayike.

Pambuyo pake nyumbayo inagwa m'manja mwa ogulitsa moŵa, amene ankasiyirana ntchito, wina kuchoka wina kuloŵa, ndipo asodzi ankasonkhanamo pobwera kunyanja. Iwonso anapita, dzina la Keigwin lokha ndilo linatsala pakhomo.

Tsono, abale, nyumba zathu nazonso tidzazisiyira ena. Tidzifunse m'mabanja ndi m'miphakati yathu: kodi Lamulungu likudzali tidzafika ku Misa titasiya moto wotani pakhomo pa mnansi wathu?