Tsanya, Mtengo wa Nthaka ya Mchere

Munthu akachoka pa Minga, pamene ansembe a White Fathers adamanga misoni yawo pakati pa Ansenga m'zaka za m'ma 1920, natsika mapiri kulunjika ku chigwa cha Luangwa, kumaiko a mafumu Nyalugwe, Luembe ndi Mwape, amaona nkhalango ya miombo ikutha pang'onopang'ono, kufikira atalowa m'dziko lotentha la dongo louma gwa, limene m'malo ena limatuwa ndi mchere m'chilimwe. Ndipo m'dziko limenelo, m'mene mitengo yambiri idakana kumera, mudakhazikika mtengo umodzi wokha monga mwini mudzi, ndiwo tsanya, umene ena amautcha mopane. Mtengo womwewo umapezeka kuchigwa cha Shire ndi cha Zambezi, nufika mpaka kumalire a chipululu cha Namibia, pakuti mizu yake yosazama imapirira nthaka imene imasefukira m'dzinja ndi kung'ambika m'malimwe.

Azungu adaudziwa mochedwa. John Kirk, amene adayenda ndi David Livingstone pa Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1863, ndiye adaupatsa dzina m'mabuku a akatswiri a zomera. Ndipo Livingstone mwini wake, powoloka Luangwa kumtunda kwa dera limeneli mu December 1866, adalemba za masamba ake amene amaimirira dzuwa likakwera, osapatsa mlendo mthunzi. Koma makolo a m'chigwa adali ataudziwa kalekale: mizati ya nyumba ndi ya nkhokwe adaidula ku tsanya chifukwa chiswe chimalephera kuiboola, nkhuni zake zidasunga moto usiku wonse, ndipo m'mphako zake adafulamo uchi wa tinjuchi tosaluma tija timene timavutitsa munthu m'maso pofuna chinyezi.

Chimene ambiri sachiona, ngakhale obadwira pansi pa mtengowu, ndi maluwa ake. Mvula ikakhazikika, cha mu December ndi January, pamene aliyense ali wotanganidwa ndi khasu, tsanya limatulutsa timaluwa tobiriwira motuwa, tobisika pakati pa masamba atsopano, topanda maonekedwe okopa diso. Ndipo pa duwa lililonse pamalendewera timaulusi toposa makumi awiri tonyamula mungu, togwedezeka ndi kamphepo kalikonse. Akatswiri amati mphepo ndiyo imanyamula munguwo kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake, ntchito imene pa mitengo yambiri ya kwathu imagwiridwa ndi njuchi. Si chaka chilichonse tsanya limachita maluwa; zaka zina nkhalango yonse imangokhala duu. Koma chikakhala chaka chake, zipatso zaphanthiphanthi zimayoyoka m'chisanu, ndipo ukasenda chimodzi upeza njere yamakwinya, yomata m'zala ndi utomoni wonunkhira mwaukali.

Pa gombe la mtsinje, pamene nthaka ndi yachonde, pali mnansi wake wa khalidwe losiyana kotheratu, ndiye nsangu, umene umayoyola masamba m'dzinja, nuphukira ndi kuchita maluwa oyera mvula itatha, pamene njuchi zasowa kwina kopita. Ndipo nyemba zake zimagwa dzuwa litafika poopsa. Chotero Mlengi adagawa ntchito pakati pa mitengo iwiriyi, kuti udzu ukapsa, nyama ipeze masamba ouma a tsanya pansi ndi nyemba za nsangu kumadzi. Njovu, nswala ndi mbuzi za m'midzi zakhala zikudya pa gome limeneli mibadwomibadwo.

Ng'ombe zokha ndizo sizidaloledwe kudyako, ndipo chifukwa chake ndi kashembe. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890 mliri waukulu wochokera kumpoto udapha ng'ombe pamodzi ndi njati ndi nyama zina zam'thengo, kotero kuti kashembe, atasowa magazi, adabwerera m'mbuyo kwa kanthawi. Mu 1898 asilikali a Angerezi adagonjetsa Angoni a Mpezeni nalanda ng'ombe zawo zikwizikwi. Boma latsopano lidaletsa mfuti ndi uzimba, nyama idachulukanso, kashembe adabwerera ndi mphamvu, ndipo pofika 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, adapeza kachilombo ka mtundu watsopano wa kaodzera m'magazi a munthu amene adadwalira m'chigwa cha Luangwa chomwechi. Wolemba mbiri Leroy Vail adaonetsa mu 1977 kuti umphawi wa kum'mawa kwa Zambia sudali wachibadwidwe, koma udakula ndi malamulo a nthawi imeneyo. Kashembe, amene adasautsa anthu chotere, adakhalanso mlonda wa tsanya wosalembedwa ntchito, popeza kumene ng'ombe ndi ngolo sizifika, nkhwangwa nayonso imafika mwaulesi.

Lero mlondayo wafooka, ndipo msewu wa Great East wabweretsa msika pakhomo. Aliyense wodutsa pa Nyimba waona matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole a ku Lusaka, ndipo wogula wodziwa amafunsa makala a mopane, chifukwa ndi olemera ndiponso sathera msanga pa mbaula. Sindingathe kudzudzula bambo amene chimanga chamukanika naotcha makala kuti ana apite kusukulu. Njala ilibe manyazi. Chimene chimandiwawa mumtima ndi chakuti odula amasankha mitengo ikuluikulu, imene ndiyo imabereka, ndipo mtengo wodalira mphepo sungabereke bwino uli wokhawokha, pakuti mutu umodzi susenza denga: mungu wouluka pa bwalo lalikulu lopanda mitengo umangogwera pa dongo. Ndi zoona kuti chitsa cha tsanya chimaphukanso, ndipo ambiri amadzitonthoza nazo zimenezi. Koma mphukirazo, zikamadyedwa ndi mbuzi ndi kupsa ndi moto wolusa chaka ndi chaka, zimasanduka zitsamba zofika m'chiuno, ndipo zitsamba zotere kawirikawiri sizichita maluwa, ngakhale zitakhala zaka zambiri pa nthaka ya makolo awo.