Nineveh, mzinda wa anthu a Mneneri Yunus: zomwe zidafukulidwa pansi pake

Nineveh, womwe Aarabu amautchula kuti Ninawa, udali likulu la ufumu wa Assyria. Mabwinja ake ali kumpoto kwa dziko la Iraq, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Tigris, moyang'anana ndi mzinda wakale wa Mosul. Qur'an yolemekezeka siitchula dzina la mzindawu, koma akuluakulu a tafsir monga Ibn Kathir adalongosola kuti kumeneko ndi kumene kudatumizidwa Mneneri Yunus, mtendere ukhale pa iye. Surah Yunus, ndime 98, imatiuza kuti anthu ake adakhulupirira ndipo chilango chidawachokera. M'nkhani ino tiona zomwe zidapezeka pansi pa mzindawu ndi phunziro lake kwa ife.

Ufumu wa Assyria

Ufumuwu udatenga dzina ku mzinda wa Ashur, ndipo mafumu ake ankasamutsa likulu. Ashurnasirpal II, yemwe adalamula kuyambira 883 mpaka 859 B.C., adamanga Kalhu, lero Nimrud. Sargon II adamanga Dur-Sharrukin, lero Khorsabad. Mwana wake Sennacherib, wa zaka za 705 mpaka 681 B.C., ndiye adakuza Nineveh: adaumangira linga la makilomita pafupifupi 12 ndi kukumba ngalande zobweretsa madzi kuchokera ku mapiri. Asilikali ake ankaopedwa kuyambira ku Iran mpaka kumalire a Egypt. Komabe mu 612 B.C. magulu ankhondo a ku Babylon ndi ku Media adaugonjetsa mzindawo ndi kuutentha.

Mmene mzinda udabisikira

Nyumba za ku Nineveh, ngakhale zachifumu, zidamangidwa ndi zidina zosawotcha. Abale athu a kwa Mfumu Mbenje ku Nsanje amadziwa bwino zomwe madzi amachita ndi khoma lotere denga likangochoka: limasungunuka n'kubwerera ku dothi. Ndi mmene zidachitikira kumeneko. Makoma adagwera mkati, adakwirira zonse za m'zipinda, ndipo patapita zaka padangotsala zitunda ziwiri zikuluzikulu, Kuyunjik ndi Nabi Yunus. Pamwamba pa chachiwirichi padamangidwa mzikiti, chifukwa anthu a ku Mosul akhala akukhulupirira kuti Mneneri Yunus adaikidwa pamenepo.

Kufukula kudayamba mu 1842 ndi Paul-Émile Botta, nthumwi ya France ku Mosul, yemwe chaka chotsatira adatulukira nyumba yachifumu ya ku Khorsabad. Austen Henry Layard wa ku Britain adayamba ku Nimrud mu 1845, kenaka ku Kuyunjik adavundukula nyumba ya Sennacherib ya zipinda 71. Mu 1853 Hormuzd Rassam, mbadwa ya ku Mosul komweko, adapeza nyumba ya mfumu Ashurbanipal.

Zosema ndi zolemba

Luso lodziwika kwambiri la anthu a ku Assyria ndi la miyala yaphanthiphanthi yomwe ankaiimika motsamira makoma a zipinda, n'kusemapo zithunzi ndi kuzipaka utoto. Pamiyalapo tikuona nkhondo, akapolo akukoka miyala ikuluikulu ndi zingwe, asodzi, minda, ndi mfumu ikusaka mikango. Chipinda china chonse chidaonetsa kugwa kwa mzinda wa Lachish mu 701 B.C., mabanja akuthamangitsidwa atasenza katundu. Zithunzizi sizidali zongokongoletsa: mlendo wolowa kwa mfumu ankayenera kuziona ndi kugwidwa mantha.

Pa zipata ankaimikapo zifanizo zotchedwa lamassu, za thupi la ng'ombe kapena mkango, mapiko a chiwombankhanga ndi mutu wa munthu. Zina zimalemera matani 30 kapena kuposa. Zambiri zili ndi miyendo isanu, kuti ukaziona kutsogolo zizioneka zitaima, ukaziona cham'mbali zizioneka zikuyenda. Eni ake ankakhulupirira kuti zimatchinjiriza nyumba ku zoipa, koma tsiku la moto silidatchinjirize kanthu.

Chuma chachikulu kuposa zonse ndi nkhokwe ya zolemba ya Ashurbanipal: timapale tadongo ndi zidutswa zake zoposa 30,000. Alembi ankadinda zilembo padongo lofewa ndi kabango kosongola. Moto umene udawononga mzinda udawotcha timapale tambiri n'kutilimbitsa ngati mbiya, motero tidasungika. Muli zamankhwala, zanyenyezi, makalata, mapangano ndi madikishonale. Mu 1872 George Smith adawerenga pa phale lina nkhani ya chigumula ndi chombo, chizindikiro choti mbiri ya chigumula idali yodziwika m'derali kalekale. Ku Nimrud, katswiri wa ku Iraq Muzahim Mahmoud Hussein adapeza manda a akazi a mafumu odzaza ndi zokongoletsera zagolide kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Kutengedwa ndi kuphwanyidwa

Mwana wa ku Mosul wofuna kuona mikango ya Ashurbanipal ayenera kupita ku British Museum ku London, ndipo zambiri za ku Khorsabad zili ku Louvre ku Paris. Zina zidamira mu Tigris mu 1855 zili paulendo. Mu April 2003 akuba adatenga zinthu pafupifupi 15,000 ku nyumba yosungira zakale ya ku Baghdad. Mu July 2014 gulu la ISIS lidaphulitsa mzikiti wa Nabi Yunus, ndipo mu 2015 lidaphwanya zosema ku Mosul ndi ku Nimrud, mchitidwe umene Al-Azhar ya ku Cairo idaudzudzula. Mzindawo utamasulidwa mu 2017, m'mauna omwe gululi lidakumba pansi pa mzikiti mudapezeka zolemba za mfumu Esarhaddon ndi zotsalira za nyumba yachifumu.

Msilamu sapembedza fano ndipo sayembekezera thandizo ku mwala. Koma Qur'an, monga mu Surah Ar-Rum, imatilimbikitsa kuyenda padziko ndi kuona mathero a anthu omwe adatitsogolera. Wophwanya kapena wogulitsa umboni wa mathero amenewo amamana ana ake phunzirolo.

Nthaka ya kwathu

Kuno kwathu nthaka idasunganso mbiri. Ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, Keith Robinson adafukula mapale a anthu oyamba kusula chitsulo, a zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mtundu wa mbiyazo umatchedwa Nkope mpaka lero. Iye adafufuzanso m'chigwa cha Shire, dziko la Amang'anja ndi mafumu a Lundu. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti Amaravi ankachita malonda ofika kutali.

Zinthu zotere zimatuluka pokumba maziko a nyumba kapena mzikiti, poumba zidina, ndi pamene Shire kapena nyanja yagumula gombe. Mukapeza mapale ambiri pamodzi, mikanda, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo, musazizule, chifukwa akatswiri amadziwa zaka za chinthu poona malo ndi kuya kumene chagona. Jambulani ndi foni, dziwitsani a mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kuti uthenga ufike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Malamulo a dziko lino amateteza zinthuzi, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Aphunzitsi a madrasa ndi sukulu, titengereni ana ku nyumba zosungira zakale za ku Mangochi ndi ku Chichiri, akaone ndi maso awo. Allah atipatse nzeru yophunzira kuchokera kwa omwe adapita.