Khofi wa ku Phoka ndi Phunziro la Manyowa

Khofi woyamba m'dziko la Malaŵi adabzalidwa ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, mbande yake itachokera ku Edinburgh. Pofika chaka cha 1900 minda ya Azungu kuzungulira Blantyre ndi Zomba idali itachuluka, koma patangopita zaka zoŵerengeka ulimiwo udaloŵa pansi. Tizilombo, chilala ndi kutsika kwa mtengo pa msika zidaupha, komanso nthaka idaguga chifukwa inkalimidwa popanda kuibwezera kanthu.

Pambuyo pake khofi adakhazikika kumpoto, m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. M'boma la Rumphi adamera bwino m'mapiri a Phoka, pafupi ndi Livingstonia, ndiponso ku Mphompha. Minda ya kumeneku ili pa malo otsetsereka, kotero kuti mvula yamphamvu ikagwa pa dothi losaphimbidwa imalikokolola.

M'chaka cha 1971 Boma lidakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority, limene linkapereka feteleza pa ngongole. Feteleza amadyetsa mtengo wa khofi, koma safeŵetsa dothi louma gwa. M'zaka za m'ma 1990 thandizo la Boma pa mtengo wa feteleza lidachotsedwa, kwacha idachepa mphamvu, ndipo bungwelo lidatha mu 1999. Alimi adayamba kuyendetsa okha ulimiwo, mpaka mu 2007 adapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Amene thumba la feteleza lidawakanika adadalira ndowe za ziŵeto, udzu ndi makoko a khofi owola.

Manyowa otere akawola amamata dothi kukhala timibulu, ndipo pakati pa timibuluto pamatsala mipata ya mpweya ndi madzi. Nyongolotsi zimachuluka ndi kuboola njira zoti mizu idutsemo. Madzi a mvula amaloŵa pansi m'malo mothamangira kumtsinje, ndipo chinyontho chimakhalitsa mpaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene khofi akudikira mvula yoyamba kuti achite maluŵa.

Zimenezi sizioneka chaka chimodzi. Mtengo wa khofi umakhala pa malo amodzi zaka zambiri, ndipo mlimi sangausamutse nthaka ikatopa. Wothira manyowa chaka ndi chaka ndiye amasiyira ana ake munda wobereka, pamene minda yoyamba ija ya kummwera idasanduka tchire kapena kubzalidwa mbewu zina.