Ng'anjo za Platt Brothers ku Oldham

Tawuni ya Oldham, yomwe kale inali m'dera la Lancashire ku England, inatchuka ndi mafakitale opota ulusi wa thonje, koma ambiri mwa makina a m'mafakitalemo ankachokera ku kampani yomwe Henry Platt ndi Elijah Hibbert anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1820, ndipo kuyambira mu 1854 inkatchedwa Platt Brothers.

Maziko a ntchito yonseyo anali m'nyumba yosungunuliramo chitsulo, momwe munali ng'anjo zazitali zoimirira zotchedwa cupola. Amisiri ankathiramo mosanjikiza zigumu za chitsulo, malasha owotcheratu otchedwa coke, ndi miyala ya laimu yomwe imakoka zonyansa kuti ziyandame pamwamba pa chitsulo chosungunuka. Luso lalikulu linali la oumba zikombole, omwe ankatsendera mchenga wachinyezi m'bokosi mozungulira chitsanzo chosemedwa pamtengo, kenako n'kuchichotsa mosamala kuti m'mphako yotsalayo mulowe chitsulo. Mchenga ukanyowa kwambiri, nthunzi inkathovola chitsulo chamotocho n'kutentha anthu, pomwe mpweya ukatsekeredwa mkati, chipangizocho chinkatuluka ndi mphako yosaoneka ndipo chinkadzathyoka makina ali pa ntchito. N'chifukwa chake amisiri ankauteteza kwambiri udindo wawo, ndipo mkangano wa pakampaniyi, wokhudza kuika anthu osaphunzira ntchito pa makina, ndiwo unayambitsa mavuto a mu 1852, pamene mabwana a ku Lancashire ndi London anatsekera kunja mamembala a bungwe la Amalgamated Society of Engineers.

Fakitale yatsopano ya Hartford itatsegulidwa pafupi ndi njanji ku Werneth mu 1844, kutumiza makina kutali kunaphweka, moti pofika m'zaka za m'ma 1890 kampaniyi inali ndi antchito pafupifupi 15,000. Chomvetsa chisoni n'chakuti kutukuka kumeneku kunkafooketsa tawuni yomweyo, popeza makina opita ku India, Russia ndi Japan, kuphatikizapo a fakitale ya ku Kagoshima ya mu 1867, ankakuza mafakitale omwe pambuyo pake analanda Lancashire misika yake. Mu 1929 kampaniyi inavomera kulipira mapaundi 100,000 pogula ufulu wopanga makina owombera nsalu omwe Sakichi Toyoda wa ku Japan anatulukira, ndipo fakitale ya ku Oldham inatsekedwa mu 1982.