Collaboration: tanthauzo ndi chiyambi chake

Collaboration ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kugwirira ntchito limodzi kwa anthu awiri kapena angapo pa chinthu chimodzi chomwe onsewo adzachitche chawo, monga buku, nyimbo kapena kafukufuku. Mneni wake ndi collaborate, ndipo munthu wochita zimenezi amatchedwa collaborator. Liwuli lilinso ndi tanthauzo lachiwiri, lonyansa: kugwirizana ndi mdani amene walanda dziko lako.

Gwero lake ndi Chilatini. Mneni wakuti collaborare unapangidwa polumikiza mphatikira com, kutanthauza "pamodzi", ndi laborare, "kugwira ntchito yothetsa mphamvu". Polumikizapo, m uja anasanduka l kuti lilime lisapunthwe, n'chifukwa chake liwuli limalembedwa ndi ma l awiri. Tsinde lomweli la labor tili nalo kale pakamwa ngakhale sitilizindikira. Mayi wopita "ku leba" kukachira, wantchito wokadandaula ku ofesi ya leba, ndi wodwala wotumizidwa ku labu kukayezetsa magazi, onsewa akutchula zidzukulu za liwu limodzi la Aroma.

Angerezi sanalitenge ku Chilatini mwachindunji. Linadzera ku Chifalansa, ndipo loyamba kukhazikika linali dzina la munthu, collaborator, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Mneni unabwera pambuyo. Nthawi imeneyo linali liwu la ophunzira, lonena za olemba mabuku ndi asayansi. Chitsanzo chodziwika ku London ndi W. S. Gilbert ndi Arthur Sullivan, amene anapeka masewero oimba 14 pakati pa 1871 ndi 1896, wina kulemba mawu, wina kuika maimbidwe. Ankakangana kawirikawiri, koma ntchitoyo imatchulidwa ndi mayina onse awiri mpaka lero.

Ambiri amalisokoneza ndi cooperation, lochokera ku operari, nalonso "kugwira ntchito". Kusiyana kwake kumamveka bwino tikaganiza za dima. Pa dima anthu amalima limodzi, amamwera limodzi thobwa, koma chimanga chikacha chimalowa m'nkhokwe ya mwini munda: uko ndiye kuthandizana kwa cooperation. Pa collaboration munda ndi wa onse, ndipo mbewu ikakanika manyazi ndi a onse. Malire amenewa si okhwima, eni chinenero amawadumpha tsiku lililonse.

Liwu la collaboration linadetsedwa mu 1940. Dziko la France litagonja kwa Germany m'mwezi wa June, ulamuliro unapatsidwa kwa Marshal Philippe Pétain, nkhalamba ya zaka 84 imene anthu ankailemekeza chifukwa cha nkhondo ya ku Verdun ya 1916. Boma lake linakhala m'tauni ya Vichy. Pa 24 October, Pétain anakumana ndi Adolf Hitler pa siteshoni ya sitima ku Montoire, nagwirana chanza pamaso pa ojambula zithunzi. Patapita masiku asanu ndi limodzi analankhula pa wailesi, kuuza mtundu wonse kuti walowa njira ya collaboration. Iye ankafuna kuti liwulo limveke laulemu, ngati la anthu awiri ofanana ogawana ntchito. Zimene zinatsatira ndizo zinalipatsa fungo. Mu July 1942 apolisi a dziko la France, osati Ajeremani, anagwira Ayuda pafupifupi 13,000 mumzinda wa Paris m'masiku awiri okha. Achinyamata ambiri anatumizidwa mokakamiza kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Germany.

Dziko litamasulidwa mu 1944, kutchedwa collabo, chidule cha liwuli, nthawi zina kunali kokwanira kuti munthu aphedwe. Amayi zikwizikwi oganiziridwa kuti ankagona ndi asilikali a adani anametedwa mipala pabwalo, n'kuyendetsedwa m'misewu khamu likuwakuwiza. Pierre Laval, yemwe anali nduna yaikulu ya Vichy, anawomberedwa mu October 1945. Pétain anagamulidwa kuti aphedwe, koma Charles de Gaulle, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, anasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse, ndipo Pétain anafera pachilumba cha Yeu mu 1951. Chingerezi chinatengera tanthauzo latsopanoli nkhondo ili mkati, moti lero madikishonale amalemba matanthauzo onse awiri pansi pa mutu umodzi. Wolemba mbiri ya nkhondo akati collaborator, sakuyamikira munthu.

Zoti liwu la mgwirizano n'kusanduka dzina la wopereka anzake si zachilendo kwathu kuno. Bungwe la Capricorn Africa Society, limene David Stirling analiyambitsa mu 1949, linkalalikira kuti azungu, amwenye ndi anthu akuda ayendetsere limodzi maiko a kuno, ndipo linachititsa msonkhano waukulu ku Salima mu 1956. Omenyera ufulu ankaliona ngati nyambo ya atsamunda, choncho Mwafrika aliyense woyandikira bungwelo ankamukayikira. Bungwelo linatha kalekale, koma mawu akuti kapirikoni, kunena kazitape kapena mthirakuwiri, akadali amoyo.

Masiku ano tanthauzo labwino ndilo lafala. Mayunivesite amalilemba m'mapangano awo, mabungwe amalithira m'malipoti mpaka kulisukulutsa, ndipo makampani a mapulogalamu a kompyuta amagulitsa nalo zida zolola anthu okhala kutali kulemba chikalata chimodzi nthawi imodzi. Kumene lili ndi moyo weniweni ndi m'nyimbo. Oimba awiri akalowa mu situdiyo, wina n'kuponya vesi pa nyimbo ya mnzake, achinyamata a ku Lilongwe, Lusaka ngakhale Lagos amati atulutsa kolabo. Ndi chidule chomwechija, katchulidwe kakenso n'kamodzi. Woimba wa ku Blantyre amachilemba monyadira pa chithunzi cholengezera nyimbo yake, pamene ku Paris munthu wotchedwa choncho pa mtsutso wa ndale amadziwa kuti watukwanidwa.