Umboni wa Nthaka ya ku Jamestown

M'dera la Virginia, kum'mawa kwa dziko la America, mwezi wa Okutobala ndi masika a kumeneko. Kutentha kumakhala kutatha, masamba a mitengo akufiira ndi kuyoyoka, ndipo chisanu chimakhala chili m'njira. Mwezi umenewu anthu a m'deralo adaupatula kuti azikumbukira ntchito yofukula zinthu zakale. M'chaka cha 2011, bungwe la Archaeological Institute of America lidayambitsanso tsiku lapadera, lomwe limachitika Loweruka lachitatu la mweziwo, loti anthu wamba azipita kumabwinja ndi kunyumba zosungiramo zinthu zakale kukacheza ndi akatswiri. Ena mwa malo omwe amalandira alendo otere ndi chilumba cha Jamestown, ndipo mbiri ya malowa imaonetsa chifukwa chake ntchito yofukula siyenera kuchitikira mseri.

M'mwezi wa Meyi, chaka cha 1607, amuna ndi anyamata 104 ochokera ku England adakocheza pachilumbachi, m'mbali mwa mtsinje wa James. Dzikolo lidali ndi eni ake, anthu a mfumu Powhatan, choncho alendowo adafulumira kumanga linga la mitengo la ngodya zitatu. Uwu ndiwo udali mudzi woyamba wa Angerezi kukhazikika ku America. Likulu la Virginia litasamukira ku Williamsburg m'chaka cha 1699, Jamestown idasanduka bwinja ndi minda. Patapita zaka, anthu adayamba kukhulupirira kuti linga lija lidakokoloka ndi mtsinje, ndipo ngakhale ophunzira adaivomereza nkhaniyi.

William Kelso adamva zomwezi pamene adakaona malowa m'chaka cha 1963, koma mtima wake sudakhutire. M'mwezi wa Epulo, chaka cha 1994, iye adayamba kukumba pafupi ndi nsanja ya tchalitchi chakale, alendo akumuonerera ndi kumufunsa mafunso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ofukulawo ankapala dothi pang'onopang'ono ndi kulisefa, kufikira ataona mzere wa dothi loderako. Mtengo ukaolera m'nthaka umasiya banga losiyana mtundu ndi dothi loyandikana nalo, motero mzerewo udali phazi la mpanda wa linga. M'chaka cha 1996 kudalengezedwa kuti linga lapezeka pamtunda, ndi kuti mtsinje udangodya ngodya imodzi yokha.

Kuchokera nthawi imeneyo nthaka yatulutsa zinthu zoposa mamiliyoni atatu, monga zipolopolo, ndalama, mikanda ndi mapale a miphika. M'chaka cha 2010 adapeza maenje a nsanamira za tchalitchi cha 1608, momwe Pocahontas, mwana wa Powhatan, adakwatiwira ndi John Rolfe m'chaka cha 1614. Koma sikuti zonse zidali zokondweretsa. M'chaka cha 2012 adafukula chigaza cha mtsikana wa zaka pafupifupi 14 chitatayidwa pamodzi ndi mafupa a akavalo ndi agalu. Douglas Owsley wa ku Smithsonian atachiyeza, adapeza zipsera za mpeni ndi chida chotemera. Umenewu udali umboni woti pa njala ya m'chisanu cha 1609 mpaka 1610, pamene anthu pafupifupi 60 okha adapulumuka m'lingamo, ena adafika pakudya mitembo. George Percy, yemwe ankatsogolera mudziwo, adazilemba zimenezi, koma ambiri ankazikayikira. Akatswiriwo sadabise, adaulula zonse poyera m'chaka cha 2013.

Phindu lina la kufukula ndi lakuti kumapereka mawu kwa anthu omwe sadasiye zolemba. Mabuku a nthawi imeneyo adalembedwa ndi Angerezi, makamaka akuluakulu, koma mapale ambiri a m'lingamo ndi a miphika youmbidwa ndi amayi a mtundu wa Powhatan. Zimenezi zikusonyeza kuti pakati pa nkhondozo padalinso malonda ndi kuyenderana, ndi kuti alendowo ankadalira chakudya cha eni dziko. Chimodzimodzinso anthu a ku Africa. M'chaka cha 1619, anthu ogwidwa ukapolo m'dera lomwe lero ndi Angola adafika ku Virginia. Mmodzi mwa iwo adali mayi wotchedwa Angela, yemwe dzina lake lidalembedwa m'kalembera wa 1625 monga wa panyumba ya William Pierce. M'chaka cha 2017 akatswiri adayamba kufukula pamalo a nyumbayo pofuna kudziwa umo mayiyo ankakhalira.

Munthu amene waima pambali pa dzenje, naona mkanda ukutuluka m'sefa, amasanduka mboni. Amadzionera yekha kuti mbiri imachokera ku umboni womwe ungathe kufunsidwa ndi kuyesedwa, ndipo amaphunzira kuti phale likazulidwa mwachisawawa limataya tanthauzo, pakuti msinkhu wake umadziwika ndi dothi lomwe lidagonamo ndi zinthu zomwe lidagona nazo. Wodziwa zimenezi sakumba manda kufuna chuma, ndiponso salola kuti bwinja ligumulidwe.

Mboni zotere zikufunika kwambiri tsopano, popeza madzi saiwala khwawa. Chilumbacho n'chotsika, madzi a m'nyanja akukwera, ndipo chigumula chimamiza ena mwa malo osafukulidwa. M'chaka cha 2022, bungwe la National Trust for Historic Preservation lidaika Jamestown pa mndandanda wa malo 11 a mbiri omwe ali pangozi yaikulu m'dzikomo. Linga lomwe anthu ankati lidapita ndi mtsinje likhoza kumira ndithu, pokhapokha amene amabwera kudzaliona atavomera kuti udindo wolisamala ndi wawonso.